Dodge, Fargo ndi De Soto: lole imodzi yomwe inkayenda ndi mayina atatu kunja kwa America

Zithunzi za malole akale zikayamba kuzungulira pa intaneti, mkangano suchedwa kubuka. Lole yamphuno yaitali, magalasi awiri kutsogolo, bodi yamatabwa kumbuyo, ndipo pamphuno pali chizindikiro cha dziko lapansi chodutsidwa ndi dzina loti Fargo. Wina amati ndi m'bale wake wa Ford. Wina amalumbira kuti ndi ya ku Britain chifukwa chiwongolero chili kumanja. Wina amati agogo ake ankayendetsa yotereyi koma inkatchedwa Dodge, pomwe wa ku Turkey kapena ku India amati ndi lole ya kwawo ndithu.

Kupatula uyo wa Ford, onsewa ali ndi mbali yomwe akunena zoona. Fargo, De Soto ndi Dodge anali mayina atatu omwe kampani ya ku America ya Chrysler inkaika pa malole ake, ndipo nthawi zambiri lole yake inali imodzimodziyo. Chomwe chinkasankha dzina, ngakhalenso dziko lomwe loleyo ipangidwire, sichinali luso la mainjiniya ayi. Anali malamulo a msonkho, mapangano a ogulitsa, ndi ndalama zomwe wogula anali nazo m'thumba.

Mayinawa adachokera kuti

Walter Chrysler adakhazikitsa kampani yake mu 1925 pa maziko a kampani ina ya magalimoto yotchedwa Maxwell. Chaka cha 1928 ndicho chidasintha zonse. M'chaka chimodzi chomwecho adayambitsa magalimoto otsika mtengo a Plymouth, a mtengo wapakati a De Soto, ndi nthambi ya magalimoto onyamula katundu yotchedwa Fargo. Asanapume n'komwe, adagulanso kampani ya Dodge Brothers, yomwe eni ake, John ndi Horace Dodge, adamwalira onse awiri mu 1920.

Dodge idabwera ndi chuma chomwe Chrysler analibe: mafakitale akuluakulu, ogulitsa ambirimbiri, komanso malole odziwika kale a Graham Brothers, omwe ankayendera mainjini a Dodge. Mwadzidzidzi kampani imodzi idapezeka ili ndi mitundu iwiri ya malole yolimbirana msika umodzi. Malole a Graham Brothers adapatsidwa dzina la Dodge, ndipo Fargo, yomwe inali isanazike mizu, idagwa pamodzi ndi chuma cha America pomwe mavuto aakulu azachuma adayamba mu 1929. Pofika 1930 inali itasiya kugulitsidwa ku America.

Dzinalo silidatayidwe. M'zaka za m'ma 1930 lidaukitsidwa n'kumaikidwa pa malole a Dodge opita kunja, ndipo kuyambira 1936 lidayamba kugulitsidwa ku Canada. Posakhalitsa dzina la De Soto nalo lidayamba kuoneka pa malole. Apa pali chinthu chomwe chimadabwitsa ngakhale Aamereka eni ake: kwawo De Soto inali galimoto yonyamula anthu basi, lole ya De Soto sinkagulitsidwa m'dzikomo. Munthu wa ku Detroit, mzinda wa mafakitale a magalimoto ku America, akanayenera kupita ku Australia, ku Argentina kapena ku South Africa kuti aione.

Lole imodzi, mayina atatu, chifukwa chiyani

Yankho lili mwa ogulitsa. Masiku amenewo kampani ya ku America sinkatsegula mashopu akeake m'mayiko akutali. Inkapangana ndi wamalonda wa m'dzikomo kuti iye yekha ndiye azigulitsa mtundu wakutiwakuti m'dera lake. Wina ankatenga Dodge, wina Chrysler ndi Plymouth, wina De Soto, ndipo atatuwa ankalimbirana makasitomala m'tauni imodzi.

Vuto linali loti m'mayiko aulimi ndi migodi, ndalama zinali m'malole osati m'magalimoto a mabwana. Wogulitsa Dodge anali ndi malole. Anzake awiri aja analibe, ndipo pangano silinkawalola kugulitsa chinthu cholembedwa Dodge. Kupangira aliyense lole yakeyake kukanadya ndalama zosaneneka. Choncho Chrysler idachita zomwe mwini chigayo angachite atakhala ndi ogulitsa atatu osamwerana madzi: ufa womwewo, matumba atatu olembedwa mayina osiyana. Wa Chrysler ndi Plymouth adalandira Fargo, wa De Soto adalandira lole ya De Soto.

Kusiyana kwake kunali kochepa zedi. Chizindikiro cha pamphuno, zilembo za m'mbali mwa boneti ndi pachitseko chakumbuyo, zovindikira mawilo, ndipo pa zaka zina kamangidwe ka zitsulo zotchinga radiyeta. Fremu, injini, giyabokosi ndi masipuling'i zinali zomwezo. Komabe alimi a ku Canada ankatha kukangana kuti Fargo ndi yolimba kuposa Dodge, pomwe malole onse awiri ankatuluka pakhomo limodzi la fakitale ya mu mzinda wa Windsor ku Canada komweko. Si kupusa kumeneko. Munthu ankagula kwa wogulitsa yemwe amamudalira, yemwe angamukongoze komanso kumupezera masipeyala nthawi yokolola, ndipo chikhulupiriro chimenecho chinkasamukira pa dzina la loleyo.

Lole yobwera m'mabokosi

Anthu ambiri akamva zoti lole idatumizidwa kunja amaganiza za lole yathunthu ikukwezedwa m'sitima yapamadzi. Zinkachitika, koma si njira yomwe ambiri adadutsa. Lole yathunthu imadya malo ambiri m'sitima, ndipo malo ambiriwo ndi mpweya chabe wa m'kanyumba ka dalaivala ndi m'bodi. Kuwonjezera apo, maboma ankailipiritsa msonkho wokwera pofuna kuteteza ntchito za anthu awo.

Njira yoyamba yozembera zimenezi inali kutumiza lole yosatha: fremu, injini, mawilo, boneti, mpaka pomwe pali chiwongolero, basi. Zotsalazo ankamanga amisiri a komwe yafikira. Wina ankaikhomera kanyumba ka matabwa ndi malata, wina ankaisandutsa basi, wina ngolo yozimitsira moto. N'chifukwa chake malole awiri a chaka chimodzi, wina wa ku Adelaide ku Australia wina wa ku Bombay ku India, amafanana mphuno zokha.

Njira yachiwiri ndi yomwe amalonda amaitchula ndi zilembo zitatu, CKD, chidule cha mawu achingerezi oti completely knocked down, kutanthauza galimoto yophwasulidwa kotheratu. Zigawo zonse zinkalongedzwa m'mabokosi amatabwa, zitseko pazokha, mainjini paokha, mabawuti m'matumba owerengedwa, n'kukalumikizidwa pa fakitale yaing'ono kutsidya kwa nyanja. Msonkho wa zigawo unali wotsika kuposa wa galimoto yathunthu. Pang'onopang'ono maboma ankakweza zofuna zawo: chaka chino matayala ndi mabatire azigulidwa konkuno, kenako magalasi ndi mipando, kenako masipuling'i, mpaka injini. Mafakitale ambiri a magalimoto a ku South Africa, Australia, India, Argentina ndi Turkey adayamba motere, ndi anthu otsegula mabokosi.

Panalinso nkhani ya Ufumu wa Britain. Dziko la Britain lidaika msonkho wa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo pa magalimoto ochokera kunja mu 1915, ndipo pambuyo pake msonkhowo udafikanso pa malole. Mu 1932, pamsonkhano wa ku Ottawa, mayiko a mu ufumuwo adagwirizana zochepetserana msonkho pa katundu wopangidwa pakati pawo. Canada inali mu ufumuwo. Ndipo mzinda wa Windsor ku Canada wangoyang'anizana ndi Detroit, pakati pali mtsinje wokha. Lole yolumikizidwa tsidya la Windsor, bola ikhale ndi gawo lokwanira la ntchito ndi zipangizo za ku Canada, inkalowa m'misika yambiri ya mu ufumuwo pa msonkho wotsika kuposa mnzake wa tsidya la Detroit. Ford idazindikira phindu la Windsor kale, mu 1904, ndipo Chrysler idakhala ndi kampani yake ya ku Canada kuyambira 1925. Malole ambiri "a ku America" achiwongolero chakumanja anali a ku Canada.

Zomwe zinali pansi pa boneti

Mbiri yabwino ya malolewa idamangidwa pa injini imodzi yomwe idakhala zaka zoposa makumi atatu osasintha kwenikweni: ya petulo, ya masilinda 6 ondondozana, yomwe amakaniko amaitcha flathead. Mu injini zomwe tidazolowera lero, mavalavu amakhala pamwamba, mu hedi. Mu flathead mavalavu amakhala m'buloko, pambali pa masilinda, ndipo hedi imangokhala chitsulo chophwatalala chokhala ndi mapulagi ndi njira za madzi. Ukamasula mabawuti n'kunyamula hedi, mapisitoni ndi mavalavu onse ali poyera. Makaniko wa kumudzi wokhala ndi masipanala ochepa ankatha kupala mwaye, kunola mavalavu, kusintha gasiketi, lole n'kubwerera pamsewu tsiku lomwelo.

Injiniyi sinkapanikiza mafuta kwambiri, choncho inkapirira petulo wosayera bwino. Mphamvu zake zinkabwera ikuzungulira pang'onopang'ono, zomwe zimafunika pokwera chitunda ndi matumba kumbuyo. Chrysler inkaikanso timphete tachitsulo cholimba pomwe mavalavu otulutsa utsi amakhala, kuti asapse msanga. Mabuleki anali oyendera mafuta pa nthawi yomwe Ford inali ikugwiritsabe ntchito ndodo ndi zingwe zachitsulo, mpaka 1939. Zofooka zinaliponso ndipo sizobisika: inkamwa petulo kwambiri, liwiro linali lochepa, ndipo magetsi a mavoluti 6 ankavuta kuliza injini m'mawa kukazizira.

Pali kanthu kena komwe okonzanso malole akale amakadziwa bwino. Injiniyi inali ya misinkhu iwiri. Ukayeza hedi ndi tepi, ina imakwana mainchesi 23, ina mainchesi 25. Malole ang'onoang'ono a ku America ankakhala ndi yaifupi, pomwe fakitale ya mainjini ya ku Windsor inkapanga yaitali yokha. Ukaziona patali n'zofanana, koma gasiketi ya ina silowa pa inzake. Ambiri adaitanitsapo masipeyala potengera dzina la pa boneti, n'kulandira zinthu zoperewera mainchesi awiri.

Nkhondo, kenako kusowa kwa dola

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse idamwaza malole a Dodge m'madera omwe wogulitsa aliyense sakanafika. Ku America kudapangidwa malole ankhondo a mtundu wa WC mazana a zikwi, ambiri oyendetsa mawilo onse anayi. Fakitale ya ku Canada idapanga malole oposa 180,000 a asilikali, ambiri achiwongolero chakumanja, omwe adagwira ntchito kumpoto kwa Africa, ku Italy ndi ku Asia. Nkhondo itatha, ambiri adagulitsidwa motchipa komwe anali, ndipo amuna omwe adaphunzira kuyendetsa ndi kukonza galimoto ku usilikali adabwerera kwawo ndi luso limenelo.

Kuchokera ku WC kudabadwa Power Wagon, yomwe idayamba kugulitsidwa mu 1946. Inali lole yankhondo yovala zovala wamba: mawilo onse oyendetsedwa, winchi kutsogolo kwa ofuna, ndi shafiti yotha kuzunguza makina ocheka matabwa kapena pampu ya madzi. Ku America idasiya kugulitsidwa mu 1968, koma yopita kunja idapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1970, ndipo nayonso inkapezeka ndi mayina a Fargo ndi De Soto.

Koma chomwe chidasintha kwambiri mbiriyi ndi ndalama. Britain idatuluka m'nkhondo ili ndi ngongole zadzaoneni komanso ilibe madola. Mayiko ndi madera omwe ankagwiritsa ntchito paundi kapena kusunga chuma chawo ku London, kuphatikizapo Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri, ankasunga madola awo m'thumba limodzi, ndipo kugula katundu wa madola kunkafuna chilolezo. Apa ngakhale Canada sidathandize, chifukwa nayo inali kumbali ya dola. Mu 1949 paundi idagwetsedwa mphamvu kuchoka pa madola 4.03 kufika pa 2.80, ndipo lole ya ku America idakwera mtengo usiku umodzi. Aliyense amene adadikirapo ndalama zakunja ku banki kuti aitanitse katundu akudziwa kuti zikatere funso silikhala loti lole yabwino ndi iti. Limakhala loti ndi iti yomwe ndalama zako zingagule.

Chrysler inali ndi pothawira. Ku Kew, kumadzulo kwa London, inali ndi fakitale yomwe kuyambira m'zaka za m'ma 1930 inkapanga malole a Dodge ogwirizana ndi misewu ndi malamulo a ku Britain. Poyamba ankayendera mainjini a ku America, koma nkhondo itatha adasanduka a ku Britain pafupifupi chilichonse. Yotchuka kwambiri ndi yomwe idatuluka mu 1949, yomwe anthu adaitcha ya mlomo wa chinkhwe chifukwa cha boneti yake yopindikira pansi. Kanyumba kake ka dalaivala kankapangidwa ndi kampani ya Briggs ndipo kankaikidwanso pa Leyland Comet ndi Ford Thames. Ambiri anali ndi injini ya dizilo ya Perkins ya ku Peterborough. Ndiye taganizani: dzina la ku America, kanyumba kofanana ndi ka Leyland, injini ya Perkins, ndipo ikafika kunja n'kulembedwa Fargo kapena De Soto. Lole imeneyi ilibe chigawo chilichonse chachikulu chofanana ndi Fargo ya ku Windsor ya chaka chomwecho.

General Motors, kampani inanso ya magalimoto ya ku America, idayenda njira yofanana koma idapita patsogolo. Malole a Chevrolet omwe inkalumikiza ku Britain adasanduka mtundu wodziimira pawokha mu 1931, wopangidwa ku Luton. Dzina lake ndi Bedford. Lole yomwe akuluakulu athu amaikumbukira itasenza fodya ndi chimanga inali mdzukulu wa Chevrolet, ndipo kusowa kwa dola kuja ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe dzina la Bedford lidazikira mizu kuno kuposa mayina a ku Detroit.

Komwe adakasanduka eni mudzi

Ku India, kampani ya Premier Automobiles, yomwe Walchand Hirachand adakhazikitsa mu 1944, idayamba kulumikiza magalimoto ndi malole a Chrysler ku Kurla mu mzinda wa Bombay chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Boma la India litakhwimitsa malamulo oti zigawo zizipangidwa komweko, malole ndi mabasi a Dodge ndi Fargo adapitirira kupangidwa zaka zambiri ndi maonekedwe akale, kwawo kwenikweni atawaiwala kale.

Ku Australia, kampani yomanga mabodi ya T. J. Richards ya ku Adelaide ndiyo idasanduka maziko a Chrysler Australia mu 1951, ndipo mayina onse atatu ankatuluka pamzere umodzi. Ku Argentina ntchitoyi inali m'manja mwa Fevre y Basset ku Buenos Aires. Ku South Africa magalimoto a Chrysler ankalumikizidwa kufupi ndi Cape Town, kenako kampaniyo idasamukira ku Silverton ku Pretoria.

Nkhani yochititsa chidwi kwambiri ndi ya ku Turkey. Kumeneko Chrysler idagwirizana ndi amalonda a m'dzikomo mu 1962, ndipo malole adayamba kutuluka mu 1964 ndi mayina onse atatu. Kanyumba kake kanali ka mbali zowongoka ndi makona akuthwa, kuti kapangike ndi makina osavuta opindira malata komanso kuti kakaphwanyika wowotcherera wamba akakonze. Mu 1978 Chrysler idagulitsa gawo lake kwa anzake a ku Turkey aja, koma iwo adapitiriza kugwiritsa ntchito mayinawo. Kampaniyo pambuyo pake idatchedwa Askam, ndipo inkagulitsabe malole a Fargo ndi De Soto m'zaka za m'ma 2000. Galimoto yomaliza ya De Soto ku America idapangidwa mu 1960. Ku Turkey dzinalo lidakhalabe pamsewu, pa malole atsopano, kwa zaka zina zoposa makumi anayi.

Mmene zidathera

Palibe tsiku limodzi lomwe mbiriyi idatha. Chrysler itayamba kugula ogulitsa ake akunja ndi kuwaphatikiza, chifukwa chokhalira ndi mayina atatu chidasungunuka. Ku Canada dzina la Fargo lidachotsedwa mu 1972. Ku Britain, Chrysler idalowa m'kampani ya magalimoto ya Rootes mu 1964 n'kuitenga m'manja mu 1967, chaka chomwe ntchito ya ku Kew idasamukira ku Dunstable komwe kunkapangidwa malole a Commer ndi Karrier. Kwa kanthawi malole a Commer nawo ankagulitsidwa kunja ndi mayina a Dodge ndi Fargo, zomwe zimawonjezera chisokonezo kwa oona zithunzi lero. Mu 1978 Chrysler, itatsala pang'ono kugwa, idagulitsa nthambi zake za ku Ulaya kwa Peugeot, ndipo gawo la malole pambuyo pake lidapita kwa Renault.

Pa nthawi yomweyo msika wokha unali utasintha. Mitengo ya mafuta itakwera mu 1973, lole yomwa petulo idakhala mtolo. Makampani a ku Japan monga Toyota, Nissan, Isuzu ndi Hino adabwera ndi malole a dizilo osamwa mafuta ambiri, achiwongolero chakumanja kuchokera ku fakitale chifukwa kwawonso amayenda kumanzere kwa msewu. Ku America nako malole ankakulirakulira potsata misewu yotakata ndi mafuta otchipa, n'kumatalikirana ndi zosowa za wonyamula katundu wa ku Africa kapena ku Asia.

Ukaipeza lero, uyang'ane pati

Malolewa akufunidwa tsopano ndi osunga magalimoto akale, ndipo Fargo kapena De Soto nthawi zina imakopa chidwi kuposa Dodge chifukwa chosowa. Kusowa kumeneko kuli ndi msampha wake: popeza kusiyana kunali pa zizindikiro, n'kosavuta kuti Dodge ivekedwe zilembo za Fargo, ndiponso malole ambiri enieni a Fargo adakonzedwa ndi zigawo za Dodge pa moyo wawo wautali. Dzina la pamphuno ndi umboni wofooka kuposa maumboni ena onse.

Umboni wodalirika ndi kachitsulo kolembedwa nambala komwe kamakhomedwa pa mphuthu ya chitseko kapena pa khoma la pakati pa injini ndi dalaivala. Nthawi zambiri kamatchula kampani yomwe idapanga loleyo, kaya ya ku Detroit, Windsor, Kew kapena Adelaide. Nambala ina imadindidwa pa fremu, ina pa buloko ya injini. Pa lole yomwe idagwira ntchito zaka makumi ambiri, injini kawirikawiri idasinthidwapo, mwina n'kuikamo ya dizilo ya mtundu wina, choncho nambala ya fremu ndiyo imanena zoona kuposa ya injini.

Kudziwa komwe idabadwira ndiko kumakuuza komwe ungafune masipeyala. Ya ku Detroit kapena Windsor, zigawo za injini zikupezekabe kwa ogulitsa a ku America ndi Canada, chifukwa injini ya flathead idagwiranso ntchito m'makina okolola, m'mapampu ndi m'majenereta, bola uyambe wayeza hedi ija. Ya ku Kew uifunire kwa osunga malole a ku Britain, pamodzi ndi a Leyland ndi Perkins, ndipo ukonzekere kuti mabawuti ena angafune masipanala a muyeso wakale wa ku Britain, omwe sagwira bwino ndi a ku America kapena a mamilimita. Ya ku Turkey kapena ku India ya zaka zakumapeto, kabuku ka masipeyala a Dodge a ku America sikangakuthandize kwenikweni, chifukwa zigawo zake zambiri zidapangidwa komweko ndipo zimapezeka komweko.